Kamera ya 108MP, koma diresi la maroon likuoneka ngati dothi

Amene mwaima kumbuyoko bwerani, kutsogolo kuno mipando ilipo, sitiluma. Tikudziwa kuti ena mwachokera ku Bangwe, ena ku Chirimba ndi ku Machinjiri, ndipo ndalama ya minibasi masiku ano si yosewera nayo, ndiye tingolowa m'nkhani.

Lero tikamba za kamera ya pa foni. Titalengeza mutuwu pa gulu lathu, wina analemba kuti, "Asisi, mavuto onse tili nawowa, basi tizikakamba za kamera?" Funso labwino ndithu. Koma tatiyeni tione: kwezani manja amene mumagulitsa kanthu pa status ya WhatsApp kapena pa Facebook. Kaunjika, nsapato, makeke, mawigi, zitenje, achale. Tatembenukani muone manjawo. Ambiri a ife tilibe ndalama ya lendi pa Victoria Avenue kapena ku Chichiri. Kasitomala amaona chithunzi basi, ndipo chikakhala chakuda bii amangopitirira osafunsa n'komwe mtengo. Palinso nthawi ina imene chithunzi chimakhala umboni, ndipo tifikako tisanabalalike.

Mnzathu wina wa m'komiti, watilola kuti tinene koma dzina ayi, anasonkha ku banki nkhonde miyezi ingapo kuti agule foni ya geni yake ya madiresi. Kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mukudziwa nokha mmene mitengo ya mafoni inakwerera. Anapita ku Limbe, mu shopu ina, mnyamata wogulitsa nkumuuza kuti, "Sister, iyi ndi 108 megapixel, makamera anayi, ikujambulani ngati muli pa TV." Anamujambula panja, dzuwa likuswa mtengo, chithunzi nkutuluka chokongola. Analipira. Atafika kwawo ku Ndirande madzulo, anayala madiresi pabedi, nkujambula pansi pa babu. Diresi la maroon linatuluka ngati dothi la ku dimba, lakuda linangokhala chimthunzi. Kasitomala wa ku Namiwawa amene anaitanitsa "la brown lija" atalilandira analibweza, ndalama ya kabaza nkupita pachabe. Mnyamata uja sananame kwenikweni. Anangotchula nambala imene imagulitsa foni, nkusiya manambala amene amapanga chithunzi.

Tiyambe ndi megapixel yomweyo. Chithunzi chilichonse cha pa foni ndi timadontho ting'onoting'ono tamitundu togundizana, dzina lake ma pixel. Megapixel imodzi ndi timadontho 1 miliyoni. Chithunzi cha 12MP chili ndi timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Nambala imeneyi imangonena kuchuluka kwa timadonthoto, sinena ngati tili tabwino.

Chimene chimagwira ntchito yaikulu ndi kachipangizo kobisika kumbuyo kwa galasi, kotchedwa sensa. Kukula kwake n'kofanana ndi chikhadabo cha chala chaching'ono, nthawi zambiri kochepa kuposa pamenepo. Sensa ndiyo imatapa kuwala, ndipo timadontho tonse tija tagawana malo pa sensa yomweyo. Tonse timaudziwa ufa wa walkman. Mayi wina ali ndi thumba la makilo 10, wina la makilo 25, ndipo onse awiri amanga timajumbo 50. Aliyense akati "ndili ndi mawalkman 50" sakunama. Koma mukagula ka mayi woyambayo, ana agona ndi njala. Ndi mmene zilili ndi makamera awiri olembedwa 50MP.

Sitikupeka chitsanzochi. Kampani ya Samsung ili ndi sensa yotchedwa ISOCELL JN1, ya 50MP, imene ili m'mafoni ambiri otsika mtengo. Kadontho kake kamodzi ndi 0.64 micron. Kampani ya Sony ili ndi IMX766, nayonso ya 50MP, koma kadontho kake ndi 1.0 micron. Mukawerengera malo otapira kuwala, ya Sony ndi yaikulu kuposa kawiri. Pa katoni zonse ziwiri zalembedwa 50MP ndi zilembo zikuluzikulu zofanana.

Kukula kwa sensa amakulemba mosokoneza mutu, ngati masamu a Standard 6: 1/2.76 kapena 1/1.56. Musachite mantha. Yang'anani nambala yapansiyo basi. Ikakhala yaing'ono, sensa ndi yaikulu, monga mmene theka la buledi limaposera kota. Choncho 1/1.56 imaposa 1/2.76 kutali. Pa katoni nthawi zambiri simuipeza, ndipo sikuti anaiwala. Tengani dzina lenileni la foniyo mulilembe pa intaneti, webusaiti ngati GSMArena imaonetsa zonsezi, ndipo sizidya bandulo yambiri.

Opanga mafoniwo akudziwa kuti timadontho tating'ono sititapa kuwala kokwanira, ndiye foni imaphatikiza tinayi kukhala kamodzi. Kamera ya 48MP imatulutsa chithunzi cha 12MP, ya 50MP imatulutsa cha 12.5MP, ndipo zambiri za 108MP zimaphatikiza timadontho 9 kukhala kamodzi, nkubwereranso pa 12MP. Tsegulani chithunzi chilichonse mu gallery, dinani pa details. Ambiri muona manambala ozungulira 4,000 ndi 3,000, ngakhale foni yanu ikudzitama ndi 50 kapena 108 kumsana. Mungathe kuikakamiza kuti ijambule ndi ma megapixel onse, njirayo ilipo mu kamera, koma chithunzicho chimadya malo ambiri, ndipo kukakhala mdima pang'ono chimatuluka choipa kuposa chija chanthawi zonse. Kumbukiraninso kuti kamera yaikulu ya iPhone inakhala pa 12MP kuyambira 2015, pa iPhone 6s, mpaka 2022 pomwe iPhone 14 Pro inabwera ndi 48MP, ndipo zaka zonsezo anthu ankazisilira zithunzi zake. Sitikuti kaguleni iPhone, ife tomwe tilibe. Tikungoti 12MP ndi yokwanira.

Ndiye pali WhatsApp. Mukatumiza chithunzi mwachizolowezi, WhatsApp imachifinya mpaka kutsala pafupifupi 2MP, kuti chisadye data. Inu mwalipirira 108, kasitomala akulandira 2, ndipo akuchionera pa sikirini ya 720 ndi 1,600, imene ndi 1MP ndi pang'ono. Kuyambira 2023 pali kabatani ka HD pamwamba mukamatumiza, kamathandizako. Mukafuna kuti chifike chonse mmene chinajambulidwira, chitumizeni ngati document. Mfundo ya document imeneyi muisunge, tiibwereranso.

Nambala yachiwiri ndi ija yoyamba ndi f, monga f/1.8 kapena f/2.4. Limeneli ndi zenera lolowera kuwala. Apanso nambala yaing'ono ndiye zenera lalikulu. f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi kawiri kuposa f/2.4. Masana pa Ginnery Corner kusiyana kwake simukuona, chifukwa kuwala kwachuluka kale. Mudzakuona m'chipinda cha lendi chokhala ndi kazenera kamodzi koyang'ana khoma la aneba, kapena magetsi akathima mwayatsa kandulo.

Kuwala kukachepa, kamera imatsegula diso nthawi yotalikirapo kuti itape kokwanira. Pa nthawi imeneyo dzanja likagwedezeka pang'ono chabe, chithunzi chimapakika ngati mwachikhudza penti isanaume. N'chifukwa chake zilembo zitatu izi n'zofunika: OIS. Foni yokhala ndi OIS ili ndi kamakina kamene kamasuntha galasi kapena sensa motsutsana ndi kunjenjemera kwa dzanja. Pali ina yotchedwa EIS, imeneyo ndi pulogalamu chabe, imathandiza kwambiri pa vidiyo podula m'mbali mwa chithunzi. Ife tikanapatsidwa mafoni awiri a mtengo umodzi, ina ya 108MP yopanda OIS, ina ya 50MP ya sensa yaikulu ndi OIS, tikanatenga yachiwiriyo osaganiza kawiri. Night mode nayo si matsenga. Foni imajambula zithunzi zingapo motsatizana nkuziphatikiza, ndiye muyenera kuima nji kwa timasekondi tingapo, kapena kuitsamiritsa pa kapu kapena pa njerwa. Mwana wothamanga sangajambulike ndi night mode, musaivutitse foni.

Tsopano makamera anayi aja. Heee, apa ndiye timabedwa masana. M'mafoni ambiri otsika mtengo kamera yogwira ntchito ndi imodzi. Enawo ndi ka 2MP kotchedwa macro, ka 2MP kotchedwa depth, ndi kena kongolembedwa AI kopanda nambala. Ka macro akuti n'kojambulira zinthu pafupi kwambiri, koma ndi 2MP kamera yaikuluyo imakaposa mukangodula chithunzi. Pa mafoni achinyengo, aja otengera maonekedwe a mafoni odula, magalasi ena ndi zokongoletsa chabe, kumbuyo kwake kulibe kanthu. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsegulani kamera, phimbani galasi limodzilimodzi ndi chala, muone ndi liti limene likudetsa sikirini. Kenako sinthani pa 0.5x ndi pa 2x mubwereze. Makamera owonjezera amene ali ndi ntchito yeniyeni ndi awiri: ultrawide, ija ya 0.5x kapena 0.6x, imene imakwanitsa saluni yonse kapena gulu lonse la pa bridal shower m'chithunzi chimodzi, ndi telephoto, ya 2x kapena 3x, yokokera zinthu zakutali ndi galasi lenileni. Foni ikakhala yopanda telephoto, zoom imangodula pakati pa chithunzi nkukulitsa. Mukakoka kwambiri ndi zala ziwiri kuti mujambule mkwatibwi muli kumbuyo kwa tchalitchi, mupeza nkhope yaphala. Yendani ndi miyendo muyandikire.

Pali nkhani ina imene ogulitsa satchula, ndiyo khungu lathu. Kwa zaka zambiri, kuyambira cha m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankayesera makina awo pa khadi la kampani ya Kodak lokhala ndi mzimayi wachizungu, lodziwika kuti Shirley card. Khungu lake ndilo linali muyezo. N'chifukwa chake m'zithunzi zambiri zakale za anthu akuda mumangoona mano ndi maso. Wofufuza wa ku Canada, Lorna Roth, analemba mu 2009 kuti china chimene chinakakamiza Kodak kusintha anali madandaulo a makampani a chokoleti ndi a mipando yamatabwa, amene katundu wawo wa bulauni sankatuluka bwino m'zithunzi. Tamvani, chokoleti. Masiku ano chithunzi chimaphikidwa ndi pulogalamu ya mu foni, ndipo pulogalamuyo imatsatira nkhope zimene inaphunzitsidwa. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, eni ake a Tecno, Infinix ndi itel amene adzaza m'matumba mwathumu, inadziwika mu Africa muno mwa zina chifukwa chokonza makamera ake kuti azijambula bwino khungu lakuda. Google inabweretsa yake yotchedwa Real Tone mu 2021 pa Pixel 6. Koma pa katoni palibe nambala yokuuzani zimenezi. Muyenera kudzijambula nokha.

Ndipo mukadzijambula, thimitsani beauty mode kaye. M'mafoni ambiri imabwera yoyatsa kale pa kamera ya selfie. Imasalaza nkhope, kuchepetsa mphuno, kuyeretsa khungu, mpaka amayi anu kumudzi kufunsa ngati mwayamba kudzola mafuta aja. Wofuna kuigwiritsa ntchito ndi ufulu wake, nkhope ndi yake. Ife chimene chimatinyansa n'choti foni itisankhire mtundu wa khungu tisanafunsidwe. Kwa inu ogulitsa foundation, mawigi ndi zoluka, beauty mode ndi mdani wa geni, chifukwa kasitomala akufuna kuona mtundu weniweni.

Ndiye mukapita kokagula, kaya ndi ku Limbe kaya mu Haile Selassie, musalole kuyesera panja. Lowani mkatikati mwa shopu, pakona pamene pali kamdima. Jambulani dzanja lanu, jambulani nkhope ya mnzanu amene mwapita naye, ndipo tengani kansalu kofiira kapena ka maroon m'chikwama, chifukwa mitundu imeneyi ndiyo imavumbula kamera yofooka. Jambulani zilembo zing'onozing'ono za pa lisiti, nkukulitsa muone ngati zikuwerengeka. Kenako tumizani chithunzicho pa foni ya mnzanuyo, chifukwa sikirini ya foni yatsopano imakometsa mitundu kuposa mmene kasitomala adzaonere. Imbani *#06#, nambala ya IMEI imene ituluke ifanane ndi ya pa katoni. Musadalire zolembedwa mu settings zokha, pa mafoni achinyengo zimenezo amazisintha. Wogulitsa akayamba kukufulumizitsani kuti "sister, ena akudikira", dziwani kuti mashopu a mafoni mu Limbe ndi ambiri. Ndipo lisiti mutenge.

Za mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito, aja ochokera ku Joni kapena ku Dubai: foni imene inali yapamwamba zaka zinayi zapitazo nthawi zambiri imajambula bwino kuposa yatsopano yotchipa, ngakhale ili ya 12MP. Koma yang'anitsitsani galasi ngati lakandika kapena muli nthunzi mkati, muone ngati kamera ikugwira focus osasakasaka, ndipo batire mulifunse bwino. Yopanda katoni, yopanda lisiti, yotchipa modabwitsa, isiyeni, mungadzayankhe mlandu wa eni ake.

Ambiri muno simukugula foni chaka chino, tikudziwa. Imene muli nayoyo ingathe kuchita bwino kuposa mmene ikuchitira. Choyamba pukutani galasi ndi nsonga ya chitenje. Musaseke, foni imakhala m'chikwama limodzi ndi Vaseline ndi mandasi, ndipo zithunzi zambiri zooneka ngati muli utsi vuto lake ndi mafuta a chala. Katundu mujambulireni pakhonde, pamthunzi, m'mawa kapena chakumadzulo dzuwa litapepa, kuwala kukuchokera kumbuyo kwanu kapena m'mbali. Yalani nsalu yoyera pansi, imathandiza foni kupeza mitundu yoona. Dinani pa sikirini pamene pali chinthucho, ndipo kachizindikiro ka dzuwa kakatuluka kakwezeni kapena kutsitsa mpaka mtundu ufanane ndi umene maso anu akuona. Mnzathu wa madiresi uja foni sanasinthe. Anangosamutsa ntchito yojambula kuchoka pabedi usiku kupita pakhonde 7 koloko m'mawa, ndipo la maroon linayamba kutuluka la maroon.

Tsopano tikhale chete pang'ono, chifukwa gawo ili ena likuwakhudza ndipo sanena. Pali tsiku limene inu, kapena mng'ono wanu, kapena neba, adzafunika kujambula bala, chitseko chothyoledwa, kapena katundu wophwanyidwa. Zonse takambazi zimagwira ntchito pamenepo, ndipo kulakwitsa kwake n'kowawa kuposa kubwezeredwa diresi. Mkwingwirima pa khungu lakuda suoneka msanga, ndipo kamera yofooka pansi pa babu imaufufutiratu. Beauty mode ndi ma filter zimasalaza chimene mukufuna kuonetsacho, ndiye zithimitseni zonse, ndipo gwiritsani ntchito kamera yakumbuyo, osati ya selfie. Flash yapafupi imayeretsa khungu nkubisa mtundu wa bala. Ngati zingatheke, imani pafupi ndi zenera masana. Jambulani chimodzi chapatali chooneka nkhope ndi malo a balalo pathupi, kuti wina asadzati si inu, kenako chapafupi, mutaika ndalama yachitsulo kapena bokosi la machesi pambali kuti kukula kwake kudziwike. Musakoke zoom. Mubwerezenso mawa lake ndi mkuja, chifukwa mikwingwirima ina imaonekera bwino patapita tsiku limodzi kapena awiri.

Chithunzi choterocho musachidule, musachikongoletse, musalembepo kanthu. Mkati mwa chithunzi chilichonse foni imasungamo tsiku, nthawi ndi mtundu wa foni imene yajambula, ndipo zimenezi zimathandiza. Mukachitumiza pa WhatsApp mwachizolowezi zimachotsedwa, screenshot nayo ilibe za chithunzi choyambacho. Apa ndi pamene pakufunika document paja: chitumizeni ngati document kwa munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, kapena pa email imene mwini nkhanzayo saidziwa, chifukwa foni ndiyo imayamba kulandidwa kapena kuswedwa. Ngati amakufufuzani mu foni, tumizani kaye, mutsimikize kuti chafika, kenako mufufute. Ndipo chithunzi sichilowa m'malo mwa lipoti la kuchipatala. Ku Queens kuli One Stop Centre, kupolisi kuli Victim Support Unit, ndipo lamulo la Prevention of Domestic Violence Act lilipo kuyambira 2006. Chithunzi chimangolimbikitsa zimene mukanene kumeneko. Ngati ovulalayo si inu, pemphani kaye musanajambule, ndipo chisapite pa status kapena pa gulu lililonse, ngakhale lathu lino. Mwini wake ndiye asankhe woti aone.

Palinso kanthu kamodzi mu settings za kamera, kolembedwa location tags kapena save location. Kakakhala koyatsa, chithunzi chimasunga malo enieni amene munaima pojambula, mpaka nyumba yake. Pa umboni zimenezi zingathandize. Koma ngati mumatumiza zithunzi za katundu ngati document kwa makasitomala osawadziwa, mukuwapatsanso mapu a kwanu osazindikira, ndipo kwa amene anathawa munthu nkusamukira ku Chilobwe kapena ku Zingwangwa mwakachetechete, imeneyi si nkhani yaing'ono. Kathimitseni pa zithunzi za tsiku ndi tsiku. Yang'ananinso zimene zikuoneka kumbuyo kwanu, chikwangwani cha grocery ya pafupi kapena yunifolomu ya sukulu ya mwana imanena zambiri kuposa GPS.

Chabwino, tulutsani mafoni nonse. Tatseka makatani mbali iyi dala kuti kukhale kamdima, ndipo patebulopa pali chitenje chofiira, lisiti ndi bokosi la machesi. Tikhala awiriawiri, wa Tecno akhale ndi wa Samsung, wa itel asachite manyazi, abwere kuno kutsogolo. Poyamba aliyense apeze pamene pali beauty mode ndi location mu foni yake, amene zamuvuta akweze dzanja tibwera. Mzere wa kumbuyo uja ndiwo uyambe kujambula chitenje.